Mapazi Onse Pansi

Kodi ndani anatulutsa njinga yamoto yofiira m'bwalo la shopu masana aja, n'kukagunda nayo mayi wogulitsa mazira pakona, kenako n'kuthawa wapansi? Anthu a mumsewu uja sanavutike n'kuganiza. Anaona chipewa chachikasu, anaonanso kajekete kowala, ndipo zinthu ziwirizo zinali za munthu mmodzi: namwino wamfupi amene anabwera m'mawa kudzasankha njinga yake yoyamba. Inu musafulumire ngati iwo. Imvani kaye mmene zinayendera, chala muloze pambuyo.

Ntchito ya namwinoyo inali yoyendera odwala m'makomo mwawo: nkhalamba za matenda a shuga, amayi ochira kumene, anthu a mabala osapola msanga. Mabasi anali atamutopetsa. Wodwala akudikira jakisoni, iye ali pasiteji kudikira kuti basi idzaze. Choncho anakaphunzira kuyendetsa njinga yamoto, laisensi n'kuipeza, chipewa choteteza mutu ndi kajekete n'kugula. Chinatsala ndi njinga yeniyeniyo.

Kushopu anapita atavala thalauza lakuda, pamodzi ndi amuna awiri. Woyamba anali mwamuna wake, kalaliki wamtali, wa mawu ochepa, amene njinga yamoto ankaiopa ngati njoka ndipo sankabisa. Wachiwiri anali mlamu wake, mkulu wa mwamunayo, munthu amene anakulira pachishalo ndipo anadziitana yekha kuti akhale mlangizi.

M'bwalo munali njinga zambiri, koma mkangano unagwera pa ziwiri. Yofiira inali yaikulu, yamsinkhu, thanki yake ikunyezimira moti munthu akanatha kupesera tsitsi. Yabuluu inali yaing'ono, yotsika, yokalika pang'ono pamadigadi.

"Tengani yofiirayi, alamu," anatero mlangiziyo akumenya chishalo ndi chikhatho. "Njinga yoyamba ili ngati yunifolomu ya mwana. Mumagula yokulirapo, mwana n'kukuliramo."

"Ine ndinasiya kukula kalekale, alamu."

Mwini shopu analiza injini ya yofiirayo kuti aimve. "Tamvani mawu akewo, amayi! Odwala anu azichira ndi kulira kwake komwe."

Namwino anakwera, makaniko wa pashopupo ataigwirira kumbuyo. Mapazi ake analendewera m'malere ngati a mwana pabenchi la m'tchalitchi. Anatsika, nakwera yabuluu. Anakankha sitandi, kamwendo kachitsulo koimikira njinga, ndi chidendene, naimika njinga pakati pa miyendo yake. Mapazi onse anakhazikika pansi.

"Nayi yanga," anatero. "Iyi ndikaima pamphambano, ndiima ngati munthu. Iyo ndikaima, ndigwa nayo, chikwama cha mankhwala chili kumsana. Iyi ikagwa ndiidzutsa ndekha. Iyo ikagwa ndiitana msewu wonse."

"Chimenecho ndi chidole, alamu! Pachitunda muzitsika n'kumachibereka." Mlamuyo anaseka mpaka misozi, kenako anatembenukira kwa mng'ono wake. "Nanga iwe mphwanga? Ndiye uzikhala kumbuyo kwa kachidoleka, utagwira mkazi wako m'chiuno, maso utatsinzina? Pakhomo pako likulira m'mawa ndi thadzi tsopano!"

Mwini shopu anaseka, makaniko anaseka. Mwamuna uja anasekanso, koma ndi mano okha.

Namwino anapsa mtima. "Sekani. Mundiona. Lero lomwe mudziwa kuti ndimayendetsa." Anapachika chipewa ndi kajekete pahandulo ya njinga yabuluu, natuluka pageti wapansi kuti mtima ukazizire. Anakakhala pabenchi kuseri kwa depoti ya mabasi, kumene panalibe womudziwa. Limenelo ndilo linali tsoka lake, pakuti munthu wokhala yekha alibe mboni.

Pobwerera anapeza msewu wadzaza anthu, galimoto ya polisi itaima pageti. Wina anatambasula mkono.

"Ndi uyo!"

*

Sajeni anali munthu wathupi, wa maso otopa, wopukuta thukuta pafupipafupi. Anafotokoza mwachidule. Njinga yofiira yatengedwa popanda chilolezo, yagunda munthu pakona, woyendetsa wathawa, chipewa ndi kajekete zapezeka zitatayidwa m'kanjira kakuseri.

"Zanu izi?"

"Zanga."

"Kwerani galimoto, mayi."

"Sindikwera."

Nthawi yomweyo mwamuna wake anatulukira pakati pa anthu, akupuma mofulumira, nsapato zake zachikopa zitanyowa, zikudinda fumbi.

"Munali kuti, amayi? Ndakufunani ponseponse, mpaka ndaponda m'ngalande." Anatsitsa mawu. "Musalimbane ndi apolisi. Kwerani, tikakambe bwinobwino."

"Ndikwere ndalakwanji, abambo?" Anatembenukira kwa sajeni. "Asajeni, kuba njinga ndi kuthawa wovulala ndi milandu yoti ndikangolowa nayo m'chitokosi, ntchito yanga yathera pomwepo. Palibe amene adzanditsegulirenso chitseko cha wodwala wake. Ngati ndalakwa mundimanga, manja ndi awa. Koma mboni zanu muzifunse ine ndikumva. Wovulalayo ali kuti?"

Sanadikire yankho. Anaona kumene anthu anaunjikana, nalunjika komweko.

Mayi wa mazira anali atamugoneka pakhonde la shopu ya mankhwala, akudikira ambulansi. Mwendo wake unali utapindika pamalo posapindika. Pamsewu panali mazira osweka okhaokha, ntchentche zitayamba kale phwando.

"Mayo ine! Ndi yemweyu! Musandigwire! Mwabwera kudzandimaliza?"

"Ndabwera kudzamanga mwendo. Mutukwana bwino ukamangidwa." Namwino anagwada, anaitanitsa mabandeji kwa wogulitsa mankhwala, nakanganula matabwa pabokosi limene mayiyo ankakhalira. "Asajeni, gwirani chidendene apa. Musakoke. Mafunso anu funsani muli chigwirire."

Sajeni anadabwa kudziona atagwada, koma anagwira.

"Mayi, nkhope ya amene anakugundani munaiona?"

"Nkhope iti, bwana? Galasi la chipewa lakuda bii! Ine ndakhala phee ndi mazira anga, mathireyi nditasanjika bwinobwino, ndangomva chitsulo chikukukuta msewu, kwee! Kucheuka, chinjinga chili pa ine. Pang'onopang'ono, anesi, ndi mwendo wa munthu uwo!"

"Kenako?"

"Kenako anadzuka. Anaima pamutu panga, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Ndinati andidzutsa. Ndinamutambasulira dzanja, bwana. Iye kubwerera chafutambuyo, phwa, phwa, m'mazira anga, ndi opulumuka omwe kuwapondaponda, n'kulowa m'kanjira ako. Ngakhale pepani, ayi."

"Anali mwamuna kapena mkazi?"

"Munthu uli chagada, mwendo wathyoka, ungayeze munthu? Chipewa chinali chachikasu. Anthu akuti n'cha awa." Anayang'ana namwino, amene ankamanga mfundo yomaliza, ndipo mawu ake anatsika pang'ono. "Koma dzanja lawo n'lofewa, ndisaname."

Namwino anaimirira, akusansa fumbi m'mawondo. "Ine ndimalawirira kukatsuka mabala a anthu amene si abale anga. Ndithawe munthu wothyoka mwendo atanditambasulira dzanja?"

"Mantha amasintha munthu, mayi," anatero sajeni. "Ndaonapo akuluakulu a mpingo akuthawa."

Kumbuyo kwawo kunamveka mawu osalala ngati mafuta a injini.

"Asajeni, ine ndinawamva ndi makutu angawa akulumbira kuti achita zimenezi."

*

Anali mwini shopu, munthu wamfupi wa kamimba, wa taye yonyezimira, amene ngakhale pamaliro akanalankhula ngati akugulitsa bokosi.

"Ine sindifuna kuipitsa kasitomala, asajeni. Kasitomala ndiye amatidyetsa. Koma choonadi n'choonadi. Amayiwa anati, 'Mundiona, lero lomwe mudziwa kuti ndimayendetsa.' Mawu awo enieni. Tinali titawaseka pang'ono kuti akuopa yofiira, nthabwala chabe, mukuona? Ndiye anafuna kutionetsa."

"Inu munali kuti?"

"Mu ofesi, tikudya ndi makaniko wanga. Tebulo limodzi, asajeni, ine sindisala wantchito."

Makaniko, bambo wamtali ngati mzati wa magetsi, anavomera ndi mutu. Iye mawu ankawasunga ngati zitsulo zosowa.

"Makiyi anali kuti?"

"Anatsala panjinga. Tinali titailiza kuti amve injini. Ndiye tili mkati mwa kudya, ndinamva ikulira, ikuzima, ikuliranso. Ndinati ndi alamu awo aja akusewera nayo, pakuti anaikonda kuposa mkazi. Posuzumira pawindo, ndangoona chipewa chachikasu chikutuluka pageti."

"Chipewa," anatero namwino. "Aliyense waona chipewa. Chipewacho ndinachipachika pahandulo inu mukuona. Kodi chipewa chimasankha mutu?"

Wina m'khamu anakuwa: "Pakamwa pokha ali napo!" Wina anawonjeza: "Akanakhala panyumba, mazira akanakhala amoyo!" Namwino sanacheuke. Ankadziwa kuti mlandu wake sunali wa njinga yokha. Anthu aja anali atamuweruza m'mawa, pamene anamuona akuyesa chishalo.

"Nanga amuna amene anabwera nawo?" anafunsa sajeni.

"Amayiwa atachoka, alamu awo anati akukameta. Amuna awowa ndinawasiya atakhala pabenchi la m'bwalo, ndiye akuti anatuluka kukafuna akazi awo."

Sajeni anaponya diso kwa kalaliki uja. Mwini shopu anaseka.

"Awa? Musataye nthawi, asajeni. Awa njinga sanaikhudze ngakhale ndi chala. Titaliza injini analumphira kutali ngati aponda khala la moto."

Sajeni anachotsa diso lake. Mwamunayo anakokera mkazi wake pambali, pafupi ndi khoma, nalankhula monong'ona.

"Amayi, tamverani. Mboni zonse zili pa inu. Ingovomerani kuti munafuna kuyesa, dzanja linaterereka, munachita mantha. Tipepesa. Mayiyo timusamalira, mwini shopu tigwirizana naye. Munthu wamkazi amamumvera chisoni. Mukalimbalimba, nkhani ikula."

"Ndivomere chimene sindinachite?"

"Kuti zithe."

"Zithe ndi dzina langa?" Anachotsa dzanja la mwamunayo pamkono wake. Linali lozizira, lonyowa thukuta, ndipo namwino anaganiza kuti munthuyo akumudera nkhawa. "Abambo, ngati mwatopa, khalani pansi. Ine sindinatope."

Moyang'anizana ndi geti la shopu munali khonde, ndipo pakhondepo pankalira makina osokera. Namwino anawoloka msewu. Sajeni, amene anayenera kutsogola, anatsatira.

*

Telala anali nkhalamba yosachedwa kunyansidwa, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, tepi ili m'khosi. Sanasiye kupalasa makina.

"Ndinaona, inde. Ndi inuyo. Munthu wamkazi wathunthu, namwino wolemekezeka, kumasewera ndi moto pakati pa miyendo. M'masiku athu kunalibe zimenezi."

"Nkhope munaiona, bambo?" anafunsa sajeni.

"Maso anga a patali anatha. Bowo la singano ndimaliona, koma tsidya la msewu ndimaona mitundu ndi kayendedwe basi. Kumutu kwachikasu, pachifuwa powala, kumiyendo kwakuda ngati thalauza avalalo. Mukufunanso chiyani?"

Namwino anayang'ana miyendo yake. Ngakhale thalauza lake linamuukira. Koma anagwira mawu amodzi a nkhalambayo, osawataya.

"Mwati kayendedwe mumakaona, atelala. Njingayo inatuluka bwanji?"

"Inu simukudziwa mmene munatulukira? Inatuluka ikudumpha ngati mbuzi yokana chingwe. Pageti penipeni inazima. Ndiye munaponda pansi uku ndi uku, n'kumaipalasa ndi miyendo ngati bakha m'madzi, mawondo atapindika, mpaka munailizanso. Ndinaseka ndekha, ulusi mpaka kuduka."

"Bwerezani, atelala. Anaponda pansi?"

"Ndati munaponda pansi. Kodi ndine wachibwibwi?"

"Phazi limodzi?"

"Onse awiri! Phwatha, phwatha, fumbi koboo. Tsopano ndisiyeni, diresi iyi mwini wake abwera."

Namwino anatembenuka, maso ake akuyaka. "Asajeni, tiyeni kunjinga."

Njinga yofiira anali ataitsamiritsa kukhoma pakona, kalirole wake atasweka, thanki itakalika. Namwino anapempha makaniko kuti aigwirire monga m'mawa. Khamu linasendera. Iye anaponda pachitsulo, nadzikoka, nakhala pachishalo. Kenako anatambasula miyendo yake mmene ikanathera, zala zikuloza pansi.

Pakati pa nsapato zake ndi msewu pakanadutsa mphaka.

"Onani nonse amene munandiloza chala!" Mawu ake anamveka mpaka kushopu ya mankhwala. "Chimene ndinaikanira njinga iyi m'mawa ndi ichi. Anandiseka, anati ndasankha chidole. Tsopano sekaninso. Ndiuzeni, miyendo iyi ingapalase njinga iyi ngati bakha, mawondo atapindika? Kapena mukuti ndinabwereka miyendo?"

Mayi wina anaseka, koma kuseka kwake kunali kwina. Bambo amene anakamba za mazira amoyo uja anayamba kuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula.

Makaniko anatsegula pakamwa koyamba. "Ndikaisiya, agwa."

Sajeni anapukuta khosi pang'onopang'ono. "Ndiye tikufuna munthu wa miyendo yaitali." Anayang'ana mwini shopu, amene chishalo chija chinkamufika pamimba. Anayang'ana makaniko, amene anali mu ofesi. "Nanga alamu anu aja, amene anaikonda yofiirayi kuposa mkazi, ali kuti?"

Anthu anayang'anana. Chiyambire chipwirikiti chija, panalibe amene anamuona.

*

Anamupeza pamalo ometera, m'kamsewu kotsatira. Anabwera akubangula, nsalu ili m'khosi, theka la mutu lili mpala, theka lili ndi tsitsi. Wometa anamutsatira, makina ali m'manja.

"Akhala pampando wanga chichokereni kushopu, bwana," anatero wometayo. "Magetsi anazima tili pakati. Ndi mutu woterewu, munthu angapite kuti?"

Khamu linafa ndi phwete, koma mlamu sanamve. Chimene chinamupweteka sichinali mlandu wakuba.

"Ine? Ine kugwa ndi njinga pakona yopanda ngakhale mchenga? Asajeni, mundimange chifukwa chakuba, ndilola. Mundimange kuti ndapha munthu, ndikayankha. Koma osanena kuti ndinagwa! Ine ndayenda m'matope, m'milatho ya mitengo, nditanyamula anthu ndi katundu wawo. Funsani mphwangayu, ngati chidendene changa chinakhudzapo pansi mosafuna."

Mphwakeyo anali ataima kumbuyo kwa mkazi wake, maso ali kugalimoto ya polisi.

Mlamu anazungulira njinga, akuipukusira mutu ngati mwana wovulala. Mwadzidzidzi anaima, nawerama.

"Ha! Tabwerani. Mzere uwu mukuuona?"

Pamsewu panali mkwalo woyera, woduka apa ndi apo, wochokera kugeti la shopu. Pakona penipeni unazama, phula litakumbika.

"Ndi sitandi iyi. Taonani nsonga yake, yanyezimira kumene. Chitsirucho chinaiwala kuikweza. Ukamayenda molunjika, imangokanda pansi. Ukati ukhotere kumanzere, imaluma msewu, njinga n'kukutaya kumene ikufuna. Chitsulo chokukuta chimene anamva mayi wa mazira n'chimenechi."

"Woyendetsa watsopano angaiwale," anatero sajeni.

"Watsopano wake uti? Kusukulu yoyendetsa amakukalipira za sitandi mpaka umailota. Phazi limakankha lokha, mutu usanaganize. Alamu angawa, ngakhale anasankha chidole, ndisawanamizire: m'mawa atangokhala pachishalo, choyamba anakankha sitandi. Ndinaona ndi maso anga. Amene wachita izi sanayendetsepo njinga chibadwire. Anangomva kwa anthu kuti kilachi ili apa, giya ili apa, basi n'kudziyesa mwamuna."

Sajeni anapuma mozama. Dzuwa linali litamuphika mokwanira. "Ndiye ndi wakuba wongodutsa, anaona makiyi. Timufuna. Mayi, inu mwayera. Mutipepese, mutha kupita."

"Mwamva, amayi?" anatero mwamuna wake msangamsanga. "Mwayera. Tiyeni tizipita. Zatha."

Namwino sanasunthe.

"Sizinathe."

*

"Wakuba wosadziwa kuyendetsa saba njinga yamoto dzuwa lili paliwombo, asajeni. Ndipo wakuba savala kajekete kowala kuti msewu wonse umuone. Mukapita kukafuna wakuba wongodutsa, simudzamupeza, ndipo mawa anthu awa adzati namwino uja anazemba chifukwa cha pakamwa. Ine dzina langa sindilisiya pamsewu ngati mazira awa. Munthuyu sanafune kuba. Anafuna kuyesa, azungulire n'kubwerera, aibweze pamalo pake. Anabisa nkhope kuti akalephera, pasakhale womuseka."

Namwino ankalankhula molimba, koma mawu akewo, pomwe ankatuluka, anayamba kuloza munthu mmodzi. Munthu wa miyendo yaitali. Wosayendetsapo njinga. Amene anatsala yekha m'bwalo, pafupi ndi makiyi ndi chipewa. Amene anasekedwa m'mawa pamaso pa amuna anzake.

Anaweramitsa maso, ndipo anaona ntchentche.

Zina zinali zitasiya phwando lija pamsewu, n'kumazungulira nsapato ziwiri zachikopa zimene zinaima pambali pake. Mwini wake ankasuntha phazi pang'ono, izo n'kuuluka, n'kubwereranso. Madzi aja anali atauma. Koma m'mabowo a zingwe, ndi m'mphepete mwa soli, mmene dzanja lothamanga silifika, munali tizinthu tachikasu touma. Namwino anakweza maso, nayang'ana ngalande ya m'mbali mwa msewu. Inali gwaa, mapepala ndi fumbi lokhalokha, pakuti mvula inali isanagwe nyengo yonseyo. Koma kumapeto kwa kanjira kakuseri kuja kunali mpopi, poti munthu n'kutsukirapo nsapato.

Anakumbukira madzulo amene ankabwera kuchokera kophunzira, manja akuwawa. Mwamunayo ankafunsa ngati wongocheza, maso ali pa nyuzipepala: "Ndiye kilachiyo mumaisiya bwanji? Nanga giya yoyamba mumaponda kapena mumakweza?" Iye ankafotokoza mokondwa, manja ali m'malere, poganiza kuti mwamuna wake wayamba kumunyadira. Za sitandi sanamuuzepo. Ndani amafotokoza za sitandi?

Mwamunayo anaona kumene mkazi wake ankayang'ana.

"Amayi," ananong'ona. "Chonde. Pamaso pa achimwene ayi."

"Pamaso pa msewu wonse munati ndivomere."

"Ndikanakutulutsani. Ndikanayenda paliponse."

"Mukanandibweretsera chakudya kuchitokosi, mutavala nsapato zomwezi?" Mawu ake sanakwere, koma sananjenjemere. "Mukanandiuza kuti mukufuna kuphunzira, ndikanakuphunzitsani ndekha, kuseri, popanda wokusekani. Mukanagwa n'kuima pamenepo, ndikanamanga mwendo wa mayi uja inu mutagwira chidendene, tikanayankha mlandu tonse awiri. Koma munthu anakutambasulirani dzanja, inu n'kuthawa. Chipewa changa munachitaya poti chipezeke."

"Sindinaganize."

"Munaganiza. Mpopi munauganiza."

Ambulansi inafika. Ananyamula mayi wa mazira, iye akulangiza onyamulawo kuti asagwedeze ntchito ya anesi. Anthu anayamba kubalalika. Sajeni anali atatsegula kale chitseko cha galimoto. Namwino anadziwa kuti akangokhala chete, nkhani ithera pa wakuba wopanda nkhope, iye n'kubwerera kunyumba ndi mwamuna wake, n'kumakhala ndi chinthucho m'nyumba ngati khoswe wofera kudenga. Anadziwanso kuti m'nyumba yoteroyo, tsiku lina adzauzidwanso kuti avomere kuti zithe.

Anatembenukira kwa mwini shopu. "Yabuluu ija muipukute. Ndibwera kudzaitenga lero lomwe, ndipo ndituluka nayo pageti lanu ndekha, atelala akuona."

"Ndithu, amayi, ndithu. Mwasankha mwanzeru, ine ndinanena kuyambira m'mawa."

"Simunanene." Kenako anakweza mawu. "Asajeni, musanapite. Mwafunsa aliyense mumsewu uno. Tafunsani nsapato izi kumene zaponda."

Sajeni anatseka chitseko, nabwerera. Anagwada kachiwiri tsiku limenelo, nakanda m'bowo la chingwe ndi chikhadabo, nanunkhiza. Anayang'ana miyendo yaitali imene inaima patsogolo pake, kuyambira kuzidendene mpaka m'chiuno. Mlamu uja anamasula nsalu ya m'khosi pang'onopang'ono, naipereka kwa wometa.

Amene anatulutsa njinga yofiira masana aja anali mwamuna wa namwino.